Khomo la Kumwamba

Sajeni anafika pa hotelayo dzuwa lili paliwombo, tulo tili tho m'maso. Anali asanapume chiyambire ntchito dzulo lake, ndiye msewu wa masitolowo unkamuonekera ngati akuuonera pansi pa madzi. Masipika atatu ankaimba nyimbo zitatu zosiyana nthawi imodzi. Zidole zopanda mitu zinali ndondondo m'mawindo, zitavala masuti ndi madiresi, zikudikira amene sadzabwera. Uyu akufuula za nsapato, uyo za mapoto, wina za mankhwala a mphemvu, ndipo mawu onsewo ankasungunukira pamodzi n'kukhala phokoso limodzi lofewa loti munthu n'kugona nalo ali chiimire.

Hotelayo inali yofinyika pakati pa sitolo ya nsalu ndi ya mafoni, khomo lake laling'ono moti wonenepa ankalowa cham'mbali. Inali ya anthu obwera kudzagula katundu: ugone, udzuke, ugule, uzipita. Nsanjika zinayi, masitepe okhaokha, fungo la sopo paliponse.

Mlandu wake unali uwu. Diresi la ukwati linali litasowa m'chipinda nambala 14. Tsikulo linali Lachinayi, ukwati Loweruka. Wakuba, malinga ndi mmene aliyense ankanenera, anali atapezeka kale, ndipo anali atakhala pa sitepe yoyamba: mayi wochepa thupi, amene ankachapa ndi kukonza m'zipinda, manja ake otuwa ndi sopo ali mu unyolo. Wapolisi amene anafika poyamba anamumanga, n'kusecha zipinda zonse osapeza kanthu, kenako n'kupita kukatenga galimoto. Anati abwera thuu koloko.

Sajeni ankadziwa bwino chimene galimotoyo inkatanthauza. Mayiyo akangokwera, msewu wonse ukuona, ndiye kuti basi. Ngakhale atadzamumasula mawa lake, palibenso amene akanadzamupatsa kiyi wa chipinda mumzinda umenewo. Zaka khumi ndi chimodzi za ntchito zikanathera pa khomo laling'onolo.

Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangodutsa wani koloko.

*

M'chipinda 14 munali azakhali a mkwatibwi, mayi wa mawu oti safuna sipika.

"A Sajeni, musataye nthawi ndi kulemba! Ine maso a munthu wosirira ndimawadziwa. Dzulo tikulowa nalo diresilo, iye uja anaima n'kusiya kukolopa. Kukolopa anasiya! Ati, 'Koma ndiye n'lokongola.' Ndani anamufunsa? Lero ife tatuluka m'mamawa kukafuna nsapato, kiyi tasiya pakauntala, pobwera teni koloko, diresi zii! Mayo ine, ndikanena chiyani kuchimuna? Mwana akavale makatani?"

Mkwatibwiyo anali atakhala pabedi, bokosi la nsapato zatsopano lili pamiyendo. Sanalire. Ankangosisita chivundikiro cha bokosilo ndi chala, uku ndi uku.

"Linali pati?" anafunsa Sajeni.

"Kuseri kwa chitseko, pa msomali uwo," anayankha mtsikanayo motsitsa. "Linali m'pulasitiki wake."

"Pulasitikiyo anapita nayenso?"

"Ayi. Ndi uyo."

Sajeni anatembenuka. Pa tebulo laling'ono la pakona panali pulasitiki wamkulu, atapindidwa kanayi, ngodya ndi ngodya zikukumana bwinobwino. Hang'ala anali atagonekedwa pamwamba pake, molunjika.

Tulo tinayamba kuchepa m'maso mwa Sajeni. Pa zaka zake zonse za upolisi anali asanaonepo wakuba wosiya chobisira katundu, n'kukhalanso ndi nthawi yochipinda ngati akukonza tebulo la alendo.

"Musamuzunze wochapa uja, mwana wa eni ake."

Mawuwo anachokera pakhomo. Panaima bambo wachikulire, wamtali, wowonda, jekete yake yakale koma yosita bwino. Pa mkono umodzi anavala mawotchi awiri, ina yaikulu, ina yaing'ono yachizimayi.

"Ndanena kale kawiri, ino n'kachitatu," anatero modekha. "Diresi lili kwa amake. Lili kumwamba."

Azakhali anakokera Sajeni pambali n'kunong'ona, kunong'ona kwake komveka mpaka pansi. "Alekeni achimwene angawa, ndi bambo ake a mwanayu. Chimwalirireni mlamu wanga chaka chatha, mutu sukuyenda. Akonza mawotchi a anthu zaka makumi anayi, koma ya m'mutu mwawomu inaima. Amalankhula ndi malemu ngati ali kukhitchini."

"Linapita itadutsa seveni koloko ndi mphindi makumi awiri ndi ziwiri," bamboyo anapitiriza, akuyang'ana wotchi yaikuluyo.

"Ababa, chonde," anatero mkwatibwi, ndipo apa ndi pamene misozi inatsika. "Pitani mukagone kaye."

Sajeni anamva chisoni. Anamwetulira mmene timamwetulira kwa ana ndi kwa odwala, n'kuwauza kuti zikomo bambo, tamva. Koma dzanja lake, mwa chizolowezi chabe, linali litalemba kale nthawiyo pakona pa pepala.

*

Manijala wa hotelayo anali pakauntala, akudzikupiza ndi katoni ya sopo. Kumbuyo kwake kunali bolodi la misomali, kiyi aliyense pa msomali wake.

"Bwana Sajeni, hotela yathu ino ndi yotchipa, inde, sitikana. Koma ndi yaulemu. Ya-u-le-mu. Kiyi wa 14 anali apa, pa msomali uwu, kuyambira pamene amayiwo anatuluka mpaka pamene anabwera. Ine sindinasunthe. Ngakhale kokataya madzi sindinapite, funsani aliyense."

"Kiyi wina ali ndi ndani?"

"Ndi uyo," analoza ndi milomo kumasitepe. "Amavala m'khosi. Amatsegula zipinda zonse. Ndipo lamulo lathu ndi limodzi, analimva tsiku loyamba: ukalowa, tseka, ukatuluka, tseka." Anakweza mawu kuti afike kumasitepeko. "Wosiya chitseko cha mlendo chosakhoma, ngakhale mphindi imodzi, ntchito yatha pompo! Kaya waba kaya sanabe, kwa ine n'chimodzimodzi."

Mayi wochapayo sanadzutse mutu. Koma Sajeni anaona mapewa ake akulowa m'kati.

*

Panja penipeni pa khomo panali mayi wogulitsa maambulera, atakhala pa kampando, maambulera ake atawatsegula mozungulira ngati maluwa.

"Aa, a Sajeni, mwabwera kwa ine pomaliza? Mukanayambira kuno bwenzi pano muli kunyumba mukugona. Taonani masowo! Ine pano ndine chitseko chachiwiri cha hotelayi. Khoswe akatuluka ndimamufunsa kumene akupita."

"Diresilo munaliona?"

"Likulowa dzulo, eya. Linatenga anthu awiri kulilowetsa pa kakhomo aka, wina kutsogolo wina kumbuyo, ngati akulowetsa matiresi. Chinthu chimenecho sungabise m'kachikwama, a Sajeni. Lero atuluka ndi amayi awiri aja manja lendelende, anyamata a mafoni, ndi m'busa wina wa chikwama chopyapyala. Basi."

"Wochapayo sanatuluke?"

"Ameneyo? Dzuwa amalionera padenga. Akalowa mbandakucha amatuluka madzulo." Mayiyo anasisita bondo lake n'kuyang'ana kuthambo, pakati pa nyumba zitalizitalizo. "Gulani ambulera, a Sajeni. Bondo langali silinama, mvula ikubwera isanakwane thuu koloko."

Sajeni anakweza maso. Mtambo wakuda unali utatulukira kuseri kwa chikwangwani chachikulu cha mafuta odzola, ukuyenda pang'onopang'ono. Nkhope ya mtsikana wa pachikwangwanicho inali itayamba kuda.

Khomo la hotelayo linali limodzi lokha. Zipinda zonse zinali zitasechedwa. Diresi silinatuluke, komanso m'katimo munalibe.

*

Anabwerera n'kukhala pa sitepe, phewa ndi phewa ndi mayi wochapayo. Fani ya kudenga inkazungulira mwaulesi, ikulira kwii, kwii.

"Mayi, m'chipinda 14 munalowa nthawi yanji?"

"Cha m'ma seveni, bwana. Kukachotsa nsalu za pabedi."

"Diresi linalipo?"

"Linalipo. Ndinaliyang'ana, sindikana. Koma sindinalikhudze."

"Potuluka munakhoma?"

"Ndinakhoma."

Anayankha msanga kwambiri, maso ake atathawira kukauntala. Sajeni anatembenuka. "A manijala, tandipezereni madzi akumwa. Ozizira kwambiri. Ngati muno mulibe, kafuneni kusitolo."

Manijala atangotuluka cham'mbali pa khomo lija, Sajeni anatsitsa mawu. "Chemwali, galimoto ikubwera. Ine sindikufuna kukukwezani. Munakhoma?"

"Sindinakhome. Windo la chipinda chimenecho silitseguka, bwana, linamatidwa ndi penti. Ndikapanda kusiya chitseko pang'ono kuti mulowe mphepo, alendo amapeza fungo, wotukwanidwa ndine. Ndimachita zimenezi zaka zonsezi, sichinasowepo ngakhale chipeso. Koma akamva bwana aja, ndathera pomwepo. Ana anga atatu amadya manja awa."

"Chinakhala chotsegula nthawi yaitali bwanji?"

"Mwina theka la ola."

"Inu muli kuti?"

"Ndinapita kumwamba."

Cholembera cha Sajeni chinaima. Fani ija inalira kwii kamodzi, ndipo kwa iye zinakhala ngati masipika onse a mumsewu azima.

"Mwati munapita kuti?"

"Kumwamba, bwana. Kukayanika. Padenga pa nyumba ino m'pathyathyathya, pali mawaya oyanikapo. Ife antchito timangoti kumwamba."

"Anasechako?"

"Ayi. Amati zipinda. Kumeneko n'kokhoma, kiyi ndi yemweyu."

"Fotokozani bwinobwino. Munakwera kangati?"

"Kawiri. Ndinakwera ndi beseni loyamba, n'kuyanika mawaya a kumapeto. Ndiye ndinatsika kukafinya lachiwiri. Chitseko cha kumeneko n'cholemera, ndimachiimika ndi ndowa kuti ndisavutike pobwera ndi katundu pamutu. Nditakweranso, masipika anali atayamba kale, ndiye kuti hafu seveni inali itadutsa. Ndinayanika mawaya a pafupi ndi khomo, n'kukhoma, n'kutsika kudzakhoma 14."

Sajeni anayang'ana pakona pa pepala lake. Mphindi makumi awiri ndi ziwiri itadutsa seveni koloko. Zitseko zonse ziwiri zinali zotsegula, ndipo mayiyu anali pansi akufinya nsalu.

"Munakumana ndi munthu pokwera koyamba?"

Mayiyo anaganiza, kenako kankhope kake kanafewa. "Agogo aja a mawotchi awiri. Anali pakhonde. Anandifunsa kuti, 'Mwanangu, nsalu zoyerazi ukupita nazo kuti?' Ine ndati, 'Kumwamba, agogo.' Iwo ati, 'Kumwamba umapitako?' Ine ndati, 'M'mawa uliwonse.' Ati, 'N'kubwerako?' Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Ndiye anandifunsa kuti khomo lake lili kuti, ine n'kuwalozera."

Kunja kunagunda bingu, chapatali, ngati wina akukoka tebulo m'chipinda chapamwamba.

Sajeni anachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu. Mboni inali itamuuza malo ndi nthawi, poyera, iye n'kuimwetulira. Anatulutsa kakiyi m'thumba n'kumasula unyolo uja.

"Dzukani, chemwali. Kiyi wa kumwamba ali ndi inu."

*

Anakwera onse. Mayi wochapa patsogolo, Sajeni pambuyo pake, kenako mkwatibwi atagwira bambo ake dzanja, azakhali kumapeto akuwefuka ndi kudandaula za mawondo. Pa nsanjika iliyonse phokoso la mumsewu linkacheperachepera. Pamwamba penipeni panali chitseko chachitsulo, ndowa yake ili pambali.

Chitatseguka, kuwala kunawamenya m'maso.

Panali poyera ponseponse. Nsalu za pabedi, mizere isanu ndi umodzi, zinkafufuma ndi mphepo n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, ngati zikupuma. Nkhunda zinauluka pa thanki ya madzi osachita phokoso. Mzinda wonse unali pansi, magalimoto ake ting'onoting'ono, nyimbo zake zikumveka ngati za m'maloto a munthu wina. Kumwamba kwenikweniko kunali pafupi, theka kowala, theka kwakuda.

Sajeni anayenda pakati pa nsaluzo, zikumusisita kumaso, zofunda ndi dzuwa, zonunkhira sopo. Anadutsa mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Kwa kanthawi anaiwala chimene ankafuna, n'kulakalaka atangogona pomwepo. Atakankha nsalu ya mzere womaliza, analiona.

Diresilo linali pa waya, pakati pa nsalu ziwiri, loyera pakati pa zoyera. Linapanidwa pa mapewa ndi zopanira zovala zinayi, ziwiri uku ziwiri uku, motalikirana mofanana. Mphepo inali italowa m'kati mwake moti linaima lodzaza, manja ake atatambasuka pang'ono, likuyang'ana kuthambo.

"Mayo!" anatero azakhali, n'kukhala pansi pa simenti.

Mkwatibwi anatembenukira bambo ake. "Ababa, mwachitiranji zimenezi?"

"Amako anandituma," anayankha bamboyo. "Kuchipatala kuja, iwe utapita kukatunga madzi. Anati, 'Diresi la mwanayu sindidzaliona. Mukadzagula, mudzandionetse ine poyamba, anthu asanalione.' Ndinavomera. Chaka chonse ndakhala ndikuganiza kuti ndidzawaonetsa bwanji."

"Achimwene," azakhali anayamba, mawu atatsika koyamba tsiku limenelo, "kuno si kumene kuli mlamu. Pano m'padenga."

"Ndikudziwa kuti m'padenga, mlongo wanga. Sindinapenge." Bamboyo anakweza nkhope kuyang'ana mtambo uja. "Koma nyumba yathu ija mukuidziwa, ndikaimirira ndimakhudza malata ndi dzanja. Chibadwire ine sindinafikepo pafupi chonchi."

Mkwatibwi anapita pa waya, n'kuchotsa zopanira zija chimodzichimodzi. "Amayi anga anaona diresi," anatero. "Sanaone ine nditavala." Anayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa mayi wochapa. "Amayi, mungandithandize?"

Analowa kuseri kwa nsalu. Sajeni ankangoona zithunzithunzi zawo ziwiri, china chikuwerama, china chikukweza manja. Atatuluka, mayi wochapayo anali atanyamula mchira wa diresilo kuti usakhudze simenti, ndipo pa mikono yake mizere ya unyolo inali ikuonekabe. Mtsikanayo anaima pakati pa denga, nsapato zake zakale zikusuzumira pansi pa diresi, n'kuzungulira kamodzi pang'onopang'ono. Bambo ake anavula chipewa.

Ndi pamene manijala anatulukira pakhomo, botolo la madzi lili m'manja, thukuta kamukamu.

"Lapezeka? Zikomo Ambuye! Ndinanena ine, hotela yathu ndi yaulemu." Anapuma kawiri, kenako maso ake anachepa. "Koma dikirani. Kiyi wa 14 anali pa msomali. Kuno n'kokhoma. Madalawa analowa bwanji?"

Anatembenukira mayi wochapa. Mayiyo anangoti chilili, mchira wa diresi uli m'manja. Unyolo unali utachoka, koma ntchito inali ikupita ndithu. Sajeni anayang'ana buku lake, momwe zoona zake zinali zolembedwa kale.

Bambo wa mawotchi anapisa m'thumba la jekete. Anatulutsa kasikuludiraiva kakang'ono, kowonda ngati singano, n'kukakweza m'mwamba kuti manijala akaone.

"Bwana, ine ndatsegula mawotchi zaka makumi anayi," anatero. "Tizitsulo tina timafuna galasi kuti utione. Ndiye maloko anuwa angandivute? Mayiyu anakhoma zitseko zonse ziwiri, ndinamuona ndi maso angawa. Muziwathira mafuta malokowo, akulira."

Manijala anayang'ana kachitsuloko, n'kuyang'ana Sajeni. "Zoona zimenezi, bwana?"

Sajeni anayang'ana bambo uja. Maso awo anakumana, ndipo m'maso mwa mkuluyo munalibe chifunga ngakhale pang'ono. Munthu amene ananena zoona katatu osamvedwa anali atanama kamodzi, ndipo aliyense anali tcheru.

Anatsegula buku lake, n'kung'amba tsamba limodzi, n'kulipinda kanayi, n'kuliika m'thumba.

"Mboni yanga ndi imeneyi," anatero. "Chiyambire m'mawa sinalakwitsepo ngakhale mphindi."

Pansi mumsewu hutala ya galimoto ya polisi inalira kawiri. Dontho loyamba linagwa pa simenti, lalikulu, kenako lachiwiri pa chipewa cha bamboyo. Mkwatibwi anakwinya diresi lake n'kuthamangira kukhomo akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Mayi wochapa anabweza chingwe cha kiyi m'khosi mwake, n'kuyang'ana mizere isanu ndi umodzi ya nsalu zouma.

"Zinyowa izi," anatero. "Tandithandizani kuanula."

Woyamba kudzuka anali azakhali. Anapita pa nsalu imene mayiyo anali atagwira, n'kugwira mbali inayo, ndipo anaipinda awiriwiri mpaka manja awo anakumana.